Kamera yakale ya rangefinder: mmene mungaidzutsire mpaka kujambula filimu yoyamba

Mukapeza kamera yakale ya rangefinder, kaya yatuluka pansi pa sutikesi kaya mwaigula kwa munthu amene samaidziwa nkomwe, manja amayabwa kufuna kutenga sikuludalaiva nkuyamba kumasula. Chonde dikirani kaye anzanga. Mwa makamera amene ndagwirapo ambiri sanali akufa ayi, anali ongoda basi, mafuta atauma, siponji itasungunuka, batire itataya madzi mkati. Amene ndinawapeza owonongekeratu kawirikawiri anali oti wina anawatsegulapo mwaphuma, nkutaya kasipuling'i kamodzi kapena kupukuta galasi losayenera kupukutidwa. Ndiye muyambe mwaimvetsa kaye, kumasula kubwere pambuyo, ndipo muzimasula pokhapo pamene pali vuto.

Kutsogolo kwa kamerayi kuli timazenera tiwiri kapena titatu. Kamodzi ndi kamene mumasuzumirapo, kena kali chapambali, kamatenga chithunzi chachiwiri cha chinthu chomwecho nkuchitumiza kudzera pa kagalasi kamene kamatembenuka mukamazunguza lenzi. Zithunzi ziwirizi zimakumana pa kachigamba kowala kali pakati pamene mukuyang'anapo, nthawi zambiri kachikasu. Mukaona chinthu chili pawiri ndiye kuti fokasi sinafike, muzunguze mpaka ziwirizo zikhale chimodzi. Nzeru imeneyi, imene imatchedwa rangefinder, inalowa mu kamera zazing'ono za 35mm mu 1932 ndi Leica II komanso Contax ya Zeiss Ikon, ndipo Leica M3 ya 1954 ndi imene anthu amaitamanda mpaka lero. Koma zimene ambirife timakumana nazo ndi za ku Japan za lenzi yosachoka, monga Konica Auto S2 ya 1965, Yashica Electro 35 ndi Minolta Hi-Matic 7s za 1966, Olympus 35 RC ya 1970, Canonet QL17 GIII ya 1972, komanso za ku Soviet Union, FED ya ku Kharkiv ndi Zorki ya ku Krasnogorsk. Ine ndimati kwa woyamba kumene Canonet kapena Olympus 35 RC ndi zabwino chifukwa zimajambula olo batire palibe, mita yoyezera kuwala ikafa kamera imakhalabe ndi moyo.

Kuiyeza musanamasule kanthu

Tsegulani chitseko chakumbuyo, kokani liva yokokera filimu, lozetsani kamera kowala nkudina. Chitani zimenezi pa sipidi iliyonse ya shata, chotsekera chimene chimatseguka kanthawi kuti kuwala kufike pa filimu, kuyambira 1/500 kutsika mpaka yotsikitsitsa. Makutu amathandiza kwambiri pano, pa sekondi imodzi kapena 1/4 mumve kaphokoso kosalala kosadukiza, kakamatsokomola kapena kuima panjira ndiye kuti mafuta auma mu timagiya. Ikani pa B, gwirani batani osalisiya kuti shata ikhale yotsegula, walitsani tochi ya foni mu lenzi muone ngati muli chuku kapena chifunga, kenako zunguzani mphete ya aperture, kabowo kolowera kuwala mu lenzi, muone ngati kakukula ndi kuchepa mosakakamira.

Pali zinthu zitatu zimene zimapusitsa anthu kapena kuwaphetsa kamera tsiku loyamba lomwe. Canonet ikakhala pa A, pamene imasankha yokha aperture, imakana dala kudina ngati kuwala kwachepa kapena kwachuluka, olo ngati batire yatha, ndiye anthu amati yafa pamene ikungochita ntchito yake, ichotseni pa A muike aperture pa f/8 mudine muone. Chachiwiri, pa Zorki ndi FED zambiri muyambe mwakoka filimu kenako musinthe sipidi, mukasintha musanakoke mutha kupinda kapini mkati shata nkusokonekera. Chachitatu ndi self-timer, kaliva kodikirira masekondi kaja. Kasiyeni. Timagiya take ndi timene timauma koyambirira ndipo kakaima pakati kamatsekereza shata yonse, zimandiwawa kwambiri kuona kamera yabwinobwino itakhala chete chifukwa cha kachinthu kamene mwini wake sakanakagwiritsa ntchito nkomwe.

Zida sizambiri. Masikuludalaiva ang'onoang'ono, ndipo pa kamera za ku Japan pezani a mtundu wa ku Japan wotchedwa JIS chifukwa a Phillips amaoneka ngati akukwana koma amadya mutu wa sikuluwu. Sipanala ya lenzi ya nsonga ziwiri, kopanira tinthu tating'ono, timitengo totokosera mano, timitengo ta thonje, sipiriti wa isopropyl, mafuta opepuka othira mu laita aja otchedwa naphtha, ndi kopopera mpweya. Yalani nsalu yoyera patebulo, jambulani ndi foni sitepe iliyonse musanachotse chinthu, ndipo masikuluwu muziwamata pa tepi motsatana mmene mwawachotsera chifukwa ena amasiyana kutalika pang'ono chabe. WD-40 asayandikire kamera olo pang'ono, amayenderera paliponse mpaka pa magalasi ndipo kuchotsa kwake ndi ntchito yoposa vuto limene munali nalo.

Siponji yotchinga kuwala

Iyi ndi ntchito imene pafupifupi kamera iliyonse ya ku Japan ya zaka zimenezo imafuna. M'timikwasa tozungulira chitseko ndi pa hinji anaikamo siponji yakuda yoti kuwala kusalowe, pano zaka makumi asanu zadutsa ndiye inasanduka phala lomata ngati phula. Nyowetsani ndi sipiriti, dikirani mphindi zingapo, palani ndi kamtengo, osati chitsulo chifukwa mukanda penti yakuda. Muphimbe kaye kumbuyo kwa lenzi ndi kapepala kuti zinyalala zisagweremo. Zimatenga ola kapena kuposa ndipo palibe njira yachidule, mupale mpaka thonje lizituluka loyera.

Siponji yatsopano ya 1 mm kapena 1.5 mm imakwanira malo ambiri, yokhuthala kwambiri imapangitsa chitseko kutseka mokakamiza. Idulani timizere topyapyala ndi lezala pa rula. Ngati ili yomata kumbuyo, inyowetseni pang'ono ndi sipiriti kuti iterereke kulowa mu mkwasa isanagwire. Ulusi wakuda wolukira majuzi umagwiranso bwino ntchito m'timikwasa ta m'mwamba ndi m'munsi ndipo suola. Pa mkwasa wa m'mwamba pamakhala kapini kamene kamabweza kawuntala wowerenga zithunzi pa ziro mukatsegula chitseko, pamenepo musiye mpata. Malo ofunika kuposa onse ndi pa hinji, kuwala kochuluka kumalowera pamenepo. Zorki 4 ilibe nkhani ya siponjiyi kwenikweni, vuto lake ndi makatani a nsalu a shata, awalitseni ndi tochi mumdima muone ngati muli timabowo, tating'ono timatsekeka ndi penti yakuda ya nsalu yopakidwa mopyapyala nkuisiya iume tsiku lonse.

Batire

Makamera ambiri a nthawi imeneyo ankadya batire ya mercury, PX625 ya 1.35V, imene inaletsedwa chifukwa cha poizoni wake. Ubwino wake unali woti mphamvu yake sinkasintha mpaka kutha, ndiye mita inapangidwa modalira zimenezo. Mukaikamo ya alkaline ya 1.5V singano iyenda ndithu koma iziwerenga molakwika, ndipo kulakwako kumasintha batire ikamatha, simungakuzolowere. Njira yosavuta ndi batire ya zinc-air nambala 675, ija ya zipangizo zothandiza kumva, imapereka pafupifupi 1.4V mosasintha, kungoti ndi yaing'ono ndiye imafuna kamphete ka labala kuti isagwedezeke, komanso mukangochotsa kasitika kake imayamba kutha olo musaigwiritse ntchito. Njira ina ndi adaputa ya MR-9 imene imatsitsa mphamvu ya batire ya silver oxide. Yashica Electro 35 ndi yosavuta pa mbali iyi, inkafuna ya 5.6V koma imalandira 4LR44 ya 6V bwinobwino, mungowonjezera kachubu ndi sipuling'i kuti ifike kutalika.

Ngati mu chipinda cha batire muli zoyera kapena zobiriwira, pukutani ndi viniga pang'ono pa thonje, tsatizani sipiriti, pauma muyese. Mita ikakhalabe chete, kawirikawiri ndi waya wochoka pa chipindacho amene wadyeka ndi dzimbiri, mukachotsa chivundikiro cha pansi mumaupeza utangolendewera, kuwotcherera watsopano kumadzutsa mita.

Pa Electro 35 pali nthenda yake yodziwika imene okonza amaitcha pad of death. Ndi kalabala kochindikala pafupifupi 2 mm kamene kamakankha ndodo ya masiwichi mkati, kakaola ndiye magetsi a mita amasokonekera ndipo shata imatsegula nthawi yosayenera. Kuyesa kwake nkosavuta, kokani liva pang'onopang'ono mumvetsere, yathanzi imalira kuti gu momveka koyambirira kwa kukokako, yodwala imangoti tche kapena kukhala zii. Kalabala katsopano kamatha kulowetsedwa kuchokera pamwamba mutachotsa chivundikiro, ndi singano ndi guluu pang'ono, koma pamafunika dzanja lodekha.

Shata yomata ndi magalasi

Mu kamera za lenzi yosachoka shata ili mkati mwa lenzi, timasamba tachitsulo topyapyala kwambiri timene timayenera kukhala touma. Girisi wa fokasi akakalamba amatulutsa mafuta amene amafika pa timasambati nkutimata. Kuti mutifike mumachotsa mphete ya dzina kutsogolo, kenako gulu la magalasi akutsogolo limamasuka ndi sipanala. Nyowetsani thonje ndi naphtha pang'ono, gusani timasamba mofatsa osakanikiza, dinani kangapo, pukutani mafuta amene atuluka, bwerezani. Apa ndi pamene anthu amanamizika, naphtha akadali wonyowa shata imayenda ngati yatsopano, mawa lake yamatanso chifukwa mafuta anangosuntha malo. Ine ndimabwereza kwa masiku awiri kapena atatu ndipo sindibwezera magalasi mpaka shata itagona usiku wonse nkudzuka ikudina. Osathira naphtha ngati mukutsuka mbale, amatsikira pa galasi lakumbuyo. Ikakanabe ndiye kuti ikufuna kuphwasulidwa yonse ndi kutsukidwa chidutswa chilichonse, imeneyo ndi ntchito ya katswiri ndipo kuipereka kwa iye si kulephera.

Magalasi muyambe mwawapopera mpweya, kupukuta pambuyo, chifukwa kamchenga kamodzi kokha kamasiya mzere wosachoka. Fumbi lochepa mkati silioneka pa chithunzi, lisiyeni. Chifunga ndi chimene chimapha mitundu ndi kuchititsa zithunzi kuoneka zotuwa. Chuku chimaoneka ngati ulusi wa kangaude, chikakhala chatsopano chimachoka, chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasi nkusiya chipsera. Mukatha musasunge kamera mu chikwama chake chachikopa, chimasunga chinyezi, bola pamalo ouma popita mpweya ndi timapaketi ta silica gel.

Mtima wa kamera

Tsopano rangefinder yeniyeniyo. Ngati mukusuzumira nkuona mwachimbuuzi, chivundikiro cha pamwamba chiyenera kuchoka. Chobwezera filimu chimamasuka mukapinga kamtengo pa foloko yake mkati nkuzunguza kumanzere, koma mvetsani ichi, mukachichotsa musatseke chitseko chifukwa pa makamera ambiri ndi ndodo yomweyo imene imatsegula chitseko, ikagwera mkati mwadzitsekera panja. Kwezani chivundikiro mofatsa, pamakhala waya wa flashi wolumikizidwa.

Mkatimo pukutani mbali zamkati za timazenera ndi galasi loyang'anirapo, kusintha kwake mudabwa. Koma pali kagalasi kamodzi koima mopingasa, kooneka kagolide kapena kabuluu pang'ono, kamene kamalola theka la kuwala kudutsa nkubweza theka lina. Kameneka musakakhudze ndi chilichonse, mpweya wokha. Utoto wake uli pamwamba penipeni ndipo umachoka ndi kupukuta kamodzi, ndinataya kachigamba ka kamera imene ndinkaikonda mwa njira imeneyi ndipo mpaka lero ndimaikumbukira, chifukwa utotowo ukapita simungafokasenso. Ngati kachigamba kafooka kale ndi ukalamba, matani kadontho kakang'ono ka tepi yakuda pakati pa zenera lalikulu kunja, moyang'anizana ndi kachigambako, kamayamba kuonekanso bwino.

Kuyesa ngati ikunena zoona, ikani lenzi pa chizindikiro cha ∞, eyiti wogona uja, lozani chinthu chakutali kwambiri, nsanja ya pa kilomita kapena kuposa, mwezi ndiye wabwino koposa. Zithunzi ziwiri zija zikhale chimodzi ndendende. Zikasiyana cham'mbali fokasi yanu izilakwa pa chithunzi chilichonse. Zikasiyana m'mwamba ndi m'munsi fokasi siilakwa koma maso amatopa ndipo kulondola kumavuta. Chilichonse chili ndi sikuluwu yake, malo ake amasiyana kamera ndi kamera ndiye pezani buku lokonzera la mtundu wanuwo musanagwire, musangoyesa iliyonse imene mwaiona. Pa Zorki 4 ya cham'mbali imabisika kuseri kwa kasikuluwu kotsekera kali kutsogolo pafupi ndi zenera. Muzizunguza pang'ono zedi, ngati kukhuthala kwa tsitsi, nkuyang'ananso. Ikalimba musakakamize, mwina anaimata ndi vanishi, kadontho ka sipiriti kamaifewetsa.

Kutali kukakhala bwino yesani pafupi. Tsegulani chitseko, matani tepi yosaonekera bwino ija, ya mbuu, mopingasa pa njanji zamkati pamene filimu imagona, ikhale yokungika. Kamera ikhale pa tiraipodi, shata pa B, aperture yotsegula yonse. Ikani pepala la zilembo zakuda pa mita imodzi kuyeza kuchokera pamene pali filimu osati pa lenzi, fokasani ndi kachigamba, kenako yang'anani pa tepi ndi galasi lokulitsa. Zilembo zikakhala zakuthwa pamenepo ndiye kuti diso la kamera ndi lenzi zikugwirizana.

Kujambula

Filimu yoyamba ikhale yoyesera, Kodak Gold 200 kapena Fomapan yakuda ndi yoyera, osati ya tsiku lofunika. Mukailowetsa ndi kutseka, zunguzani chobwezera pang'ono kuti filimu ikungike, ndiye mukamakoka liva muziona chobwezeracho chikuzungulira chokha, chikapanda kutero filimu sinagwire ndipo mujambula 36 yonse pa mphepo. Ikani nambala ya ASA pa kamera, ndi chimodzimodzi ISO ya pa bokosi.

Chotsani chivindikiro cha lenzi. Ndikunena izi motsindika chifukwa pa rangefinder simuyang'ana kudzera mu lenzi, mumaona zonse bwinobwino pamene filimu ikuona mdima. Koma pa kamera za makatani a nsalu ngati Zorki, FED ndi Leica muzibwezerapo mukamayenda padzuwa, lenzi yolozetsedwa kudzuwa imaotcha bowo pa nsalu mu kanthawi kochepa.

Pofokasa funani mzere woimirira, m'mphepete mwa chitseko, kolala ya malaya, diso la munthu, chifukwa zithunzi ziwirizo zimayenda cham'mbali. Chinthu chikakhala cha mizere yogona yokhayokha, tembenuzani kamera choimirira, fokasani, ibwezereni. Samalani ndi zinthu zobwerezabwereza ngati mpanda wa zitsulo, mutha kulumikiza chitsulo ichi ndi chinzake nkuganiza kuti mwalasa. Diso likhale pakati penipeni, ndipo chala chisatseke kazenera kachiwiri, kachigamba kakasowa mwadzidzidzi nthawi zambiri ndi chala chanu chomwe. Mukayandikira chinthu zimene diso likuona ndi zimene lenzi ikutenga zimasiyana pang'ono popeza zenera lili pamwamba chapambali, Canonet ndi Electro 35 zimasuntha zokha mizere ya fulemu, zina zili ndi timizere tokuchenjezani, pa Zorki mungosiya mpata pamwamba pa mutu. Zambiri sizifokasa kuchepera 0.8 m kapena mita imodzi.

Mita ikakhala yakufa kapena simukuikhulupirira, lamulo lakale la f/16 limagwira, padzuwa lowala ikani f/16 ndi sipidi yoyandikira nambala ya filimu, ISO 200 pa 1/250, ISO 400 pa 1/500. Kukachita mitambo f/8, pamthunzi f/5.6 kapena f/4. Filimu ya negetivu imapirira kuwala kochuluka kuposa kochepa ndiye mukakayika tsegulani. Mumsewu pamene zinthu zikuthamanga, lenzi ya 40mm pa f/11 yoikidwa pa mamita 5 imagwira chilichonse kuyambira cha m'ma 2.5 m mpaka kutali, mumangokweza nkudina. Ndipo poti mulibe galasi lodumpha mkati ngati mu SLR, kamera zoyang'anira kudzera mu lenzi zija, 1/30 pamanja imatheka ndithu mukatsamiza zigongono pathupi, madzulo ndi lenzi ya f/1.7 ndi pamene kamera izi zimandisangalatsa kwambiri, kudina kwake nkwakachetechete moti amene mukumujambula sasintha nkhope.

Filimu yoyeserayi muijambule mwadongosolo ndipo muzilemba mu kabuku. Chinthu chimodzi pa f/16 1/60, f/11 1/125, f/8 1/250, f/5.6 1/500, zonsezi ziyenera kutuluka zofanana kuwala kwake, chimene chasiyana chikuuzani sipidi imene ikuchedwa. Zingapo pa mita imodzi aperture yotsegula yonse, zingapo pa mamita atatu, zingapo kutali. Kenako isiyeni kamera padzuwa mphindi zingapo mbali zonse, chivindikiro chili pa lenzi, kuti siponji yanu iyesedwe. Liva ikalimba kumapeto musakakamize, dinani kabatani ka pansi, pa Zorki 4 ndi kamphete kozungulira batani lojambulira, bwezani filimu mpaka mumve yamasuka ndipo pokhapo mutsegule.

Mukakatsukitsa pemphani akubwezereni manegetivu chifukwa makina osikana amakonza okha kuwala nkubisa zolakwa. Mizere yofiirira pa chithunzi imene pa negetivu yafika mpaka m'mphepete mwa timabowo ndi kuwala kolowera kuchitseko, onaninso pa hinji. Mafulemu okwerana ndi vuto la chokokera filimu. Mbali imodzi yakuda kuposa inzake pa Zorki ndi makatani osayenda mofanana. Fokasi ikamagwa kumbuyo kapena kutsogolo kwa chinthu pa zonse za pafupi, bwererani ku tepi ndi pepala la zilembo lija, muyezenso pa mita imodzi musanagwire sikuluwu iliyonse.